Ndinafera m'matope pafupi ndi Silverstone ku Mangalande

Mnzanga wa kuntchito, mzungu amene timachezera naye usiku kunyumba yosamalira okalamba, anandinyengerera miyezi itatu. Akuti tikagone m'matenti kumunda, tikavale zamakedzana, tikamenyane ndi malupanga a siponji. Ndinamuuza kuti kwathu ku Ntcheu zimenezo ndi masanje, ndipo ndinazisiya ndili sitandade 4. Koma tsiku lina ndinangopezeka ndili m'galimoto yake, chikwama cha mabulangete pamiyendo.

Masewerawo dzina lake ndi Empire. Amakonza ndi kampani ya Profound Decisions kuyambira 2013, ndipo amachitika kanayi pachaka. Azungu amati LARP, kutanthauza sewero limene aliyense amatengamo mbali ngati munthu wa m'nkhaniyo. Palibe oonerera, palibe mawu oloweza. Lachisanu 6 koloko madzulo ikangokwana, munda uja umasanduka mudzi wotchedwa Anvil, iwe nkukhala munthu amene wadzipangira, mpaka Lamlungu masana. Foni imabisidwa. Botolo la pulasitiki nalo limabisidwa, madzi umamwera m'chikho.

Ufumu wongopeka wa m'masewerawa uli ndi mitundu 10. Kuli a Dawn okonda ulemerero ndi zovala zachitsulo zonyezimira, a League amalonda ndi ndale za m'mizinda, a Urizen amatsenga a kumapiri, a Navarr oyendayenda m'nkhalango, ndi ena. Ine sindinavutike kusankha. Nditangomva kuti a Marches ndi alimi, amanyadira minda yawo, sakhulupirira munthu wa manja osalala ndiponso amasunga mangawa mpaka kwa zidzukulu, ndinati amenewa ndiye abale anga. Ndinatenga munda. Ndinapatsidwa tindalama tachitsulo: ma ring 20 amapanga crown imodzi, ma crown 8 amapanga throne. Tanga tinathera pa makeke ndi pa mphekesera ina imene kamwana kanandigulitsa, yomwe inali yabodza.

Ndale zilipo zambiri, Senate, Synod ya ansembe, Conclave ya amatsenga, ndipo ena amathera masiku onse atatu m'misonkhano osagwira lupanga. Ine za misonkhano zinandikwana kale ku komiti ya maliro ya Amalawi kuno.

Chimene chandikhalabe m'mutu ndi lamulo la mabala. Munthu aliyense amayamba ndi mabala awiri, kutanthauza kuti akakumenya kawiri wagwa. Chovala chodzitetezera chopepuka chimawonjezera awiri, chachikopa chochindikala atatu, chachitsulo anayi. Ine ndinabwereka chansalu yokhuthala, ndiye ndinali ndi anayi. Funso langa loyamba linali lakuti, nanga amawerenga ndani? Mnzanga uja anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Umawerenga wekha.

Ndinaseka. Ndinakula ndikusewera fulaye, ndipo ndikudziwa bwino mmene mawu akuti "sunandigunde" amathetsera masewera ndi ubale womwe. Pano anthu mazanamazana ali m'nkhalango, phokoso lili pwirikiti, oyimbira ndi ochepa, ndiye aliyense azidziwerengera yekha?

Loweruka m'mawa tinadutsa pachipata chotchedwa Sentinel Gate kupita kunkhondo. Malupanga anali atawunikidwa kale ngati siponji sinang'ambike, ndipo tinauzidwa kuti pomenya uzibweza dzanja, ukhudze mnzako osati kumuphwanya. Mvula inali itagwa usiku wonse. Tinaima pamzere, adani anatulukira m'mitengo, zimphona zotchedwa orc, nkhope zoopsa, zikukuwa. Kunena zoona miyendo inanjenjemera, ngakhale ndinkadziwa kuti mkati mwa chigoba chilichonse muli mphunzitsi kapena wogulitsa mu shopu. Loyamba linandipeza paphewa. Lachiwiri pantchafu. Lachitatu sindinaone kumene linachokera. Mzere wathu unasweka, ndipo pothawa wina anandikhudza pamsana, pang'ono kwambiri, ngati tsamba lagwera.

Palibe anaona. Wondimenyayo anali atatembenukira kale kwina. Ndinathamanga masitepe atatu mtima ukunditsutsa, ndikudziuza kuti mwina ndi nthambi. Sinali nthambi. Ndinadzigwetsa m'matope.

Ukagwa umakhala ndi mphindi zitatu, umaziwerenganso wekha, ndipo sing'anga akapanda kufika nthawiyo isanathe, munthu wako sangapulumukenso. Ndinagona chagada, madzi akulowa m'khosi, ndikufuula kuti andithandize uku ndikuwerenga chamumtima. Masing'anga anali kutali, atatanganidwa ndi ena. Ndinafika pa 180. Mlimi wanga, amene ndinamusokera malaya sabata ziwiri, anatha osakwana tsiku limodzi. Usiku a Marches anamuimbira nyimbo pamoto, mayi wina amene sindinkamudziwa nkomwe misozi ili mbwee. Ine ndinali nditakhala chapatali, nditavala kale ngati msuweni wa malemuyo amene wabwera kudzalonda munda.

Lamlungu zinatembenuka. Lamulo ndi lakuti amene wamenya nkhondo tsiku lina, tsiku linalo amavala chigoba nkukhala mdani wa anzake, apo ayi sipakhala womenyana naye. Ndiye zimphona za dzulo zija zinali anansi athu a m'matenti a kutsidya. Ukakhala orc umafa kambirimbiri, nkudzuka, nkubwereranso, ndipo ndi pamene ndinaona bwinobwino mmene anthu amagwera. Mnyamata wina wa Dawn, chovala chake chachitsulo chokwera mtengo ndithu, ndinamukhudza m'nthiti mochita kuba. Anandiyang'ana, anatukwana pang'ono, nagwa.

Chithunzi cha chigobacho ndinatumiza pa WhatsApp ya banja. Amayi anayimba nthawi yomweyo kufunsa ngati ndalowa gule ku Mangalande. Ndinawafotokozera zonse, za minda, za ndalama, za mabala. Anakhala chete kaye, kenako anafunsa kuti munda umenewo ndakolola matumba angati.