Agalu Amene Anaikidwa Pachipata cha Manda

Kuyambira pamene ndinawerenga mbiri ya Bobby, galu wa mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, maganizo anga akhala akubwerera pa malo amene anthu anasankha kumuika atafa, chifukwa malowo akusonyeza mmene anavutikira mumtima pofuna kulemekeza chiweto chimene onse ankachikonda.

Mbuye wake, John Gray, anali mlonda wa usiku pansi pa apolisi a mumzindawo, ndipo anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu February 1858. Ataikidwa m'manda a pa tchalitchi cha Greyfriars, kagalu kake ka mtundu wa Skye terrier akuti sikanafune kuchoka pafupi ndi mandawo kwa zaka 14. Anthu oyandikana ndi tchalitchi ndiwo ankakadyetsa. Mu 1867 kunabwera lamulo loti galu aliyense akhale ndi laisensi, ndipo wopanda mwini ankayenera kuphedwa. Mfumu ya mzinda, William Chambers, inalipira laisensiyo ndi kugulira Bobby kolala, imene mpaka lero ikusungidwa ku Museum of Edinburgh. Ine ndimaona kuti tsiku limenelo Bobby analeka kukhala galu wa munthu mmodzi womwalira, ndipo anakhala wa mzinda wonse.

Bobby anafa pa 14 January 1872. Nthaka yopatulidwa ya manda a tchalitchi inali ya anthu okha, choncho anamukumbira dzenje mkati pang'ono mwa chipata, osati patali ndi pamene panagona mbuye wake. Sanamutaye kunja, komanso sanaphwanye mwambo wa mpingo. Chaka chotsatira, mayi wina wolemera, Angela Burdett-Coutts, analipirira chiboliboli chake chimene chili pamsewu pafupi ndi mandawo, koma mwala wolembedwa dzina lake unaikidwa mochedwa kwambiri, mu 1981. Alendo amasiyapo timitengo, ngati tija munthu amaponyera galu kuti akatole. Akatswiri ena a mbiri yakale amanena kuti agalu anali awiri, wachiwiri atalowa m'malo mwa woyamba. Zimenezi sizichepetsa ulemu wanga pa nkhaniyi, popeza kolala ilipo, mandawo alipo, ndipo anthu amene anadyetsa galu wamasiye anaterodi.

Ku Tokyo zinayenda mosiyana. Hachikō, galu wa mtundu wa Akita, ankachingamira mphunzitsi wa payunivesite Hidesaburō Ueno pa siteshoni ya sitima ya Shibuya, ndipo anapitirizabe kubwera pamenepo mbuye wake atamwalira mu 1925, kufikira iye mwini atafa pa 8 March 1935. Manda ake ali pambali pa manda a Ueno ku Aoyama, koma chikopa chake anachikonza n'kuchiika m'nyumba yosungiramo zinthu zasayansi kuti anthu azichiona. Kumeneko mtima wanga suvomereza kwenikweni, chifukwa galu amene anadikira zaka pafupifupi khumi anayenera kupuma yense pamalo amodzi.

Mizinda ina inathetsa vutoli potsegula manda a ziweto zokhazokha. Ku London, mlonda wa pachipata cha Hyde Park analola mu 1881 kuti galu wotchedwa Cherry aikidwe m'dimba la kuseri kwa nyumba yake, ndipo ena mazanamazana anatsatira mpaka malowo anatsekedwa mu 1903. Pafupi ndi Paris, ku Asnières-sur-Seine, manda a Cimetière des Chiens anatsegulidwa mu 1899, patangotha chaka chimodzi boma litakhazikitsa lamulo lokhudza kukwirira mitembo ya nyama, imene kale anthu ankaitaya mumtsinje wa Seine kapena kudzala. Mtolankhani Marguerite Durand anali mmodzi wa oyambitsa. Kumeneko kuli Rin Tin Tin, galu wotchuka wa m'mafilimu, ndi ziliza zokongola za ziweto za anthu olemera.

Komabe chiliza chimene ndimafunitsitsa kudzachiona ndi maso anga ndi cha galu wongoyendayenda, wopanda dzina ndiponso wopanda mwini, amene anadzafera pachipata cha mandawo mu May 1958. Oyang'anira malowo anamunyamula, anamulowetsa mkati ndi kumuika ngati nyama ya nambala 40,000 kugona m'mandamo, kenako anamumangira chiliza chakechake.