Mabakiteriya odya mafuta: dothi loti mafuta atayikirapo limachira bwanji

Mafuta osayenga, ochokera pansi pa nthaka, amaoneka ngati chinthu chopanda moyo, koma m'timadontho ta madzi totsekeredwa m'kati mwake mumakhala mabakiteriya. Pa nyanja ya phula ya Pitch Lake ku Trinidad anawapeza amoyo m'timadontho totere. Pansi pa nthaka, pamene kutentha sikupitirira madigiri 80 a Celsius, amadya zigawo zopepuka za mafuta n'kusiya zolemera. Ena amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda umene umadya mapaipi, n'chifukwa chake okumba mafuta sawakonda.

Njala yomweyo ndi imene imathandiza mafuta akatayika. M'nyanja, mabakiteriya a mtundu wa Alcanivorax amakhala ochepa kwambiri, koma akangopeza mafuta amaswana msanga. Cycloclasticus amalimbana ndi zigawo zovuta kuphwanya, ndipo m'dothi ntchitoyi imagwera Pseudomonas ndi Rhodococcus. Palibe mtundu umodzi womaliza zonse. Wina amadya zimene mnzake wasiya.

Sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Alaska mu 1989, akatswiri sanabweretse mabakiteriya achilendo. Anathira feteleza m'magombe, mabakiteriya a komweko n'kuyamba kudya mofulumira. Chakudya anali nacho chochuluka, chimene chinkasowa ndi nayitirojeni ndi fosifolasi. Ife tikuona kuti mabakiteriya ogula m'mabotolo kawirikawiri n'kutaya ndalama: akafika pamalo amagonja kwa eni nthaka.

Pa dothi ntchito imayenda motere. Fukulani dothi loipitsidwalo, muliyale pa pulasitiki wolimba, lisapitirire masentimita 30 mpaka 45 kuchindikala, ndipo muunde mzere kuzungulira kuti mvula isakokolole mafuta. Yezani kaye kuchuluka kwa mafuta. Akapitirira magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwa dothi, amapha mabakiteriya omwewo, choncho sakanizani ndi dothi labwino, utuchi kapena mankhusu.

Feteleza ndi pamene ambiri amaphonya. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa magawo 100 alionse a kaboni wa m'mafutawo pakhale magawo 10 a nayitirojeni ndi gawo limodzi la fosifolasi. Tani imodzi ya dothi yokhala ndi mafuta magawo 2 pa 100 ili ndi mafuta makilogalamu 20, omwe ndi kaboni pafupifupi makilogalamu 17. Ndiye nayitirojeni akufunika makilogalamu 1.7, kutanthauza yureya pafupifupi makilogalamu 3.7, popeza yureya ali ndi nayitirojeni magawo 46 pa 100. Musathire zonse kamodzi. Gawani katatu kapena kanayi, chifukwa yureya wambiri amatulutsa amoniya amene amapsereza tizilombo timene mukufuna kudyetsa.

Dothi likhale lachinyontho: mukalifinya m'dzanja ligwirane koma lisadonthe madzi. Likasanduka matope mpweya sulowa, ntchito imaima, ndipo fungo la dzira lovunda lija limakuuzani. Likauma gwa, mabakiteriya amangogona. Litembenuzeni ndi khasu kapena thalakitala sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse, ndipo pH (muyezo wa asidi m'dothi) ikatsika pansi pa 6 wazani laimu. Ntchito yonse imatenga miyezi 6 mpaka zaka ziwiri.

Milungu yoyambirira imanyenga. Mafuta amatsika msanga, koma gawo lina langouluka ndi dzuwa, silinadyedwe ayi. Kenako liwiro limachepa, kutsala zinthu zakuda zonga phula zimene mabakiteriya sazitha kwenikweni. Kutha kwa fungo si umboni, tumizani dothi ku labu.

Vuto lina ndi kuya. Lipoti la 2011 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, lonena za Ogoniland ku Nigeria linapeza kuti m'malo ena mafuta analowa pansi kupitirira mamita 5, pamene njira imene inkagwiritsidwa ntchito inkangotembenuza dothi la pamwamba. Pamwamba pankaoneka bwino, madzi a m'zitsime ali oipa. Pamalo otere pamafunika kukumba mpaka pamene mafuta athera, kapena kulowetsa mpweya pansi kudzera m'mapaipi.