Mmene ndinachotsera dzimbiri pa chrome ya Honda CG125 yakale

Njinga yamoto ya Honda CG125 imene ndikukonza ndi ya mtundu woyambirira, womwe unayamba kupangidwa mu 1975. Injini sinandidetse nkhawa, poti a Honda anaipanga dala kuti izipirira ngakhale m'manja mwa anthu ochedwa kusintha oyilo. Chinandiwawa mtima ndi chrome, chonyezimira chija amakutira pamwamba pa zitsulo. Madigadi, marimu, chiwongolero, mkombero wa nyali ndi ekizozi, zonse zinali mawangamawanga chifukwa njingayi inakhalitsa pakhonde ikuvumbwa ndi mvula.

Chrome payokha sichita dzimbiri. Pansi pali chitsulo, pamwamba pake amakutirapo nickel, nthawi zina atayamba ndi kopa, ndiye chrome imabwera pomaliza. Ndi yopyapyala zedi, yosakwana micron imodzi (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), moti tsitsi limodzi la m'mutu limaiposa kukhuthala maulendo oposa 50. Madzi akalowa pa timabowo tosaoneka ndi maso, chitsulo cha pansicho chimachita dzimbiri, dzimbirilo n'kutulukira kunja n'kuyala pamwamba. Choncho banga lalikulu ngati ndalama yachitsulo mwina lachokera pa kabowo kamodzi. N'chifukwa chake sandipepala ndi bulashi yawaya sindinaziyandikitse n'komwe. Zimachotsadi dzimbiri, koma chrome imapitira limodzi, ndipo ikapita simungaibwezenso ndi manja.

Ndinayamba ndamasula zonse zomasulika, mabawuti ake n'kuwasunga m'timabotolo. Girisi ndinachotsa ndi parafini, kenako ndinatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Apa musathamange, chifukwa kamchenga kamodzi kakatsalira, mukamapukuta kamakanda chitsulo chonse.

Ntchito yeniyeni ndinaigwira ndi foyilo ya aluminiyamu, yomwe ija amakulungira chakudya. Ndinkang'amba kachidutswa, kukafwinya pang'ono, kukaviika m'madzi n'kumakhula modekha. Aluminiyamu ndi yofewa kuposa chrome, ndiye foyiloyo ndi imene imaperesedwa, n'kusanduka phala lakuda lomwe limathandiza kusalaza. Pansi pa chala mumamva kukhakhala kukuchepa mpaka foyilo iyamba kutsetsereka yokha. Ikatero pukutani ndi kansalu muone. Madigadi wakutsogolo atayamba kuonetsa nkhope yanga, ndinakhala kaye chete ndikumuyang'ana. Chitsulo chomwe ena ankati ndikagulitse kwa ogula zitsulo zakutha chinali chidakali chamoyo.

Pomwe dzimbiri linakanirira, makamaka m'mphepete mwa mkombero wa nyali ndi pamitu ya mabawuti, ndinagwiritsa ntchito vinega woyera wa m'golosale. Tizitsulo ting'onoting'ono ndinativiika m'beseni la pulasitiki kwa maola ochepa ndikumayang'ana pafupipafupi, pomwe zazikulu ndinazikulunga ndi nsanza yonyowetsedwa ndi vinegayo. Ena amakonda Coca-Cola, ndipo imagwiradi pang'ono chifukwa muli phosphoric acid, koma shuga wake amasiya zonata. Mukachotsa m'vinega, tsukani ndi madzi osungunuliramo soda, yemwe uja timathira mu therere, kuti asidi aleke kudya chitsulo. Kenako umitsani nthawi yomweyo, padzuwa kapena ndi nsalu youma, apo ayi dzimbiri latsopano limayamba tsiku lomwelo. Asidi wa m'batire kapena wotsukira maiwe osambiramo, chonde, ayi. Amaononga chitsulo komanso amawotcha khungu ndi maso.

Marimu amafuna kuwaganizira mwapadera. Masipoko ambiri a njinga zakalezi sali ndi chrome, anakutidwa ndi zinc, ndipo vinega amadya zinc msanga. Ndiye rimu ndinaikhula ndi foyilo ndi madzi okha, ndikudutsa pakati pa masipoko mmodzimmodzi. Ndinachotsanso tayala ndi chubu kuti ndione mkati, pansi pa lamba wa rabala wophimba mitu ya masipoko, chifukwa madzi amakhazikika mmenemo. Rimu ikhoza kunyezimira kunja mkati itadyeka, ndipo yoteroyo ndi yosintha basi, chifukwa ndi imene yanyamula moyo wanu pamsewu.

Chimodzimodzi mapaipi a foloko yakutsogolo. Dzimbiri likakumba timaenje pamalo pomwe foloko imatsika ndi kukwera, timaenjeto timang'amba seal, rabala wotsekera oyilo m'folokomo, oyiloyo n'kumachucha mpaka kufika kumabuleki. Ndinayendetsa chikhadabo pamenepo, ndipo mwamwayi sichinakodwe paliponse. Pa ekizozi, mtundu wa buluu womwe uli pafupi ndi injini si dzimbiri, ndi kupsa ndi moto wa injini. Ndinausiya.

Panali malo amodzi kunsi kwa madigadi wakumbuyo pomwe chrome inali itayamba kusendeka. Apo palibe polishi yomwe ingathandize. Ndinachotsa zosendekazo mosamala, poti zimacheka chala, ndinapaka mankhwala opha dzimbiri, kenako penti yasiliva. Sipanyezimira ngati ponseponse, koma padzadikira bwino tsiku lomwe ndidzapeze ndalama yokakutitsa chrome yatsopano.

Pomaliza ndinapaka Autosol, polishi ya zitsulo, pang'onopang'ono ndi nsalu yofewa, kenako wax wa galimoto. Waxyu ndi wofunika kuposa polishi, chifukwa timabowo tija tidakalipo ndipo ndiye amatitseka kuti madzi asalowenso. Pa ekizozi sakhalitsa chifukwa cha kutentha, ndiye pamenepo ndimapukuta ndi nsalu youma nthawi zonse ndikayenda pamvula, ikangozizira.