Sabata ya makoswe ku Limbe

Lolemba m'mawa nditangotsekula chitseko cha kosungira katundu, fungo linandiuziratu. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'holoselo amalidziwa fungo la mkodzo wa makoswe. Matumba anayi a mpunga wa Kilombero, a makilogalamu 50, anali atabooledwa kunsi, mpunga uli mbwee pansi, utasakanikirana ndi timanyi takuda. Buku la katundu ndimasunga ndine, ndiye thumba likawonongeka mlandu ndi wanga.

Abwana atafika sanachulutse zonena. "Mbewa zimenezi zithe sabata ino, apo ayi tidula pamalipiro." Madala athu aulonda, a ku Ntcheu, anadikira kuti galimoto ituluke kaye pageti, kenako n'kupukusa mutu. "Achimwene, akuti mbewa? Mbewa ndi ndiwo. Awa ndi makoswe."

Madala sanalakwe. Ine ndinakulira ku Balaka, ndipo tikakolola, cha mu Juni, malume ankanditenga kokakumba mbewa. Iwo pakhasu, ine ntchito yanga inali kudikirira pakhomo lina la una, pomwe mbewa imathawira ikapanikizika. Tsiku lina kapuku wonona anandidutsa pakati pa miyendo ndikuyang'ana kumbali, ndipo malume anandinena mpaka kunyumba. Tikafika amayi ankaziwiritsa ndi mchere n'kuziyanika. Mpaka lero ndikakwera basi pamsewu wa M1, anyamata akamakweza mipani ya mbewa m'mbali mwa msewu, mate amadzadza m'kamwa. Koma khoswe wam'nyumba ayi, ameneyo kwathu sankayandikira mphika.

Lachiwiri linathera kunyamula. Tinachotsa matumba onse kukhoma, kuwasanja pamapaleti, kusesa, n'kumata ndi simenti bowo lomwe tinalipeza pafupi ndi ngalande. Mnyamata wina wonyamula katundu anati tingogula tameki. Ndinakana. Poizoni pamalo posunga chakudya cha anthu? Komanso khoswe akadya amakafera pakati pa matumba, umadzangomva kununkha. Ndinakagula misampha sikisi mumsika wa Limbe, nyambo yake usipa wootcha.

Lachitatu misampha yonse inali chikhalire. Madala anati khoswe ndi wochenjera, chinthu chachilendo sachikhudza msanga, ndiye tiike usipa osatchera kuti azolowere. Ndinamvera.

Lachinayi ndi lomwe linandivuta. Ndikusuntha makatoni a sopo ndinapeza masa a mapepala ong'ambang'amba, ena mwa iwo malisiti athu omwe ndinawasowa mwezi watha. M'katimo munali tiana 7, tofiira, topanda ubweya, maso osatsekula, tikungophiriphitha. Ndinaima kanthawi fosholo ili m'manja. Khoswe amatenga bere masabata atatu okha, ndiye ukawamvera chisoni lero, pakatha miyezi ingapo sitolo yonse ndi yawo. Ndinachita zoyenera kuchita, koma nsima yamasana sinalowe bwino.

Madzulo ake kunyumba ku Bangwe ndinapeza mwana wanga wamkazi ali pa TV, akuchemerera Jerry pomwe amapusitsa Tom. Mwanayu anabadwira m'tauni, una sanauonepo, mbewa amaidziwa ndi yomweyo yoyenda ndi miyendo iwiri. Atamva ndikufotokozera amayi ake, anandifunsa, "Adadi, ndiye inu muli mbali ya Tom?" Ndinangoti akuntchitowo ndi ena, si abale ake a Jerry. Sanakhutire.

Lachisanu tisanaweruke tinatchera zenizeni, ndipo Loweruka m'mawa misampha isanu inali itagwira, winayo wamkulu ngati mwana wa mphaka. Abwana anabwera kudzawerenga katundu, za kudula malipiro sanazitchulenso. Ataona makoswe aja titawandandalika pakhonde, anaseka. "Zonenepa bwanji! Madala, simutenga ndiwo?"

Madala sanayankhe. Anatola fosholo, n'kukawakwirira kuseri kwa mpanda.