Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Usiku womaliza pa sitima

M'gawo lapitalo ndinakusiyani pa Portuguese Island, kachilumba kamchenga kali pafupi ndi Inhaca, kufupi ndi Maputo, tikukwera timaboti tamphira kubwerera ku sitima. Amene munakwerapo Ilala mukudziwa mmene zimakhalira pa Nkhotakota, sitima itaima patali, anthu n'kumatsetserekera m'boti. Kungoti kuno kunalibe matumba a ufa ndi usipa. Atazula nangula sitima inaloza kumwera, ku Durban.

Madzulo a tsiku lomaliza, pochokera kokadya, tinapeza pabedi pali pepala la malangizo ndi timapepala tomangirira pa zikwama. Athu anali obiriwira. Lamulo lake n'loti chikwama chachikulu uchimangirire kapepalako, uchiike panja pa chitseko usanagone. Antchito amazitola usiku, ndipo umakachipeza padoko zitasanjidwa potsata mtundu. Mtundu womwewo ndi umene umanenanso nthawi yako yotsikira ndi malo okadikirira.

Achemwali anga anakana kwamtuwagalu. "Iwe, chikwama changa chigone pakhonde ine ndili m'kati?" Ndinawatsegulira chitseko. Khonde lonse, kuyambira uko mpaka uko, linali zikwama zokhazokha, moti podutsa umachita kupendekeka. Anang'ung'udza, koma anatulutsa, atayamba achotsamo pasipoti, mankhwala awo a BP, chaja ndi zovala za mawa. Zimenezi musadzaiwale, chifukwa chikwama chikapita chapita.

Kenako nkhani ya ndalama. Pa sitima sugwira ndalama m'manja. Chilichonse umangopereka kakhadi kamene kamatsegulanso chipinda chako, ndipo mitengo yake ili m'madola a ku America. Munthu umamwa tizakumwa uli mwee, osawerengera. Usiku umenewo ndi pamene zonse zimabwera papepala limodzi, kuphatikizapo ndalama ya antchito imene amadula usiku uliwonse pa munthu aliyense. Pa risepishoni panali mzere wautali, aliyense foni m'manja akusintha madola kukhala ma rand, nkhope zitagwa. Pamwamba nyimbo zinali zikugunda, achinyamata akuvina gule womaliza. Ife tinalipira n'kubwerera kuchipinda.

Koma chimene chinandikhala mumtima usiku umenewo ndi mnyamata amene ankatikonzera chipinda. Mukukumbukira kuti ndinagwirapo ntchito yoyala mabedi pa hotela ina ku Umhlanga. Ndimadziwa mmene msana umawawira Lamlungu alendo akatuluka ambiri. Komatu pa hotela alendo amachoka mosiyanasiyana, wina lero wina mawa. Pa sitima anthu masauzande amatsika m'mawa umodzi, masana ena masauzande akukwera, madzulo sitima yanyamukanso. Bedi lililonse lisinthidwe, bafa lililonse litsukidwe, nthawi ya nkhomaliro isanapitirire. Ndipo anyamata amene anyamula zikwama usiku wonse ndi a sitima yomweyo.

Mnyamatayo anali wa ku Madagascar. Ndinamupeza pakhonde akusanja matawulo pa ngolo yake usiku utapita, ndipo tinacheza pang'ono m'Chingerezi chathu chothyokathyoka. Anati papita miyezi asanaone kwawo, mwana wake amamuona pa foni basi, sitima ikaima padoko. Sanadandaule. Ankanena akupinda thawulo, manja osaima.

M'mawa ndinavula mabedi onse awiri, n'kuunjika mashiti ndi mapilokesi pamalo amodzi, matawulo onyowa m'bafa, zinyalala m'thumba limodzi. Pamwamba ndinasiya envulopu. Achemwali anandiyang'ana. "Si tinalipira kale papepala lija?" Tinalipiradi. Koma ija imagawidwa kwa anthu ambiri amene sindinawaone, pamene uyu ndinamuona. Ndipo ndinene pano: mlendo amene amasiya chipinda chili mbwee poti analipira, ine sindimuwerengera ngati munthu wolemekezeka, kaya avale suti yotani.

Tinalowa m'doko kukucha. Kumanzere kunali phiri la Bluff, kumanja nyumba zazitali za m'mphepete mwa nyanja, ndipo chapatali uta wa bwalo la Moses Mabhida. Chipinda anati tituluke m'mamawa, ndiye tinakamwa tiyi ndi tizikwama tathu tam'manja pamiyendo, kenako n'kukakhala m'holo kudikira kuti aitane obiriwira. Kudikirako n'kotopetsa. Anthu amene dzulo ankavinira limodzi anali atangoti zii, aliyense payekha.

Atatiitana tinapereka kakhadi komaliza pakhomo, n'kutsikira mu Nelson Mandela Cruise Terminal, imene inayamba kulandira sitima mu 2021. Wa imigireshoni anatsegula pasipoti yanga pa tsamba la pemiti, anandiyang'ana, n'kudinda. Chikwama cha achemwali chinalipo, chosakhudzidwa, koma iwo anachitsegulabe pomwepo kuti aone.

Netiweki itabwerera, foni inayamba kulira osaleka. Mauthenga ambiri anali ochokera ku Ntcheu. Zithunzi zimene achemwali anaika pa Facebook zinali zitazungulira mudzi wonse, ndipo amalume analemba kuti poti tsopano tikuyenda pa sitima za azungu, nkhani ya feteleza wobereketsa isavutenso. Mmene ndinawayankhira, ndi mkangano umene unabuka pa Khirisimasi, ndikuuzani m'gawo 18.