Sabata imene tinachotsa seva yakale

Nkhaniyi inayambira ku akawunti. Lolemba m'mawa amayi amene amasunga mabuku athu anandiitana, pepala la bilu lili patebulo, mizere ina atayizungulira ndi bolopeni yofiira. Bungwe lathu limagula mpunga, mtedza ndi soya kwa alimi a m'makalabu kuno ku Salima, kuyambira ku Lifuwu mpaka cha kumalire ndi Nkhotakota, ndipo alimiwo amalandirira ndalama zawo pa foni, ena pa Airtel Money, ena pa Mpamba. Kulemba makilogalamu a pa sikelo, kusunga malisiti, kutumiza uthenga woti ndalama zalowa, zonsezi zimayenda pa cluster ya Kubernetes, gulu la maseva (makompyuta oyendetsa mapulogalamu athu) limene pulogalamu ya Kubernetes imaligawira ntchito, ndipo masevawo timachita lendi ku AWS, kampani ya Amazon, ku Cape Town, kumene kampaniyi inatsegula malo ake mu 2020. Lendiyo ndi ya madola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yomwe ija imalemera mwezi ndi mwezi, ndipo kupeza dolayo kubanki ndi nkhani inanso.

"Achimwene, pa maseva 7 onsewa palibe imene ingapume?"

Chala chawo chinali pa maseva atatu a control plane, amene amayang'anira cluster yonse, chifukwa pa chithunzi cha kagwiritsidwe ntchito ndi amene amaoneka ongokhala. Pamenepo ndinakana. Maseva atatuwa ndi amene amasunga etcd, kaundula wa cluster yonse, ndipo etcd salemba kanthu pokhapokha oposa theka la mamembala ake atavomereza. Akakhala atatu, mmodzi akagwa awiri amapitiriza. Mukasiya awiri, oposa theka ndiye onse awiri, ndipo mmodzi akangodwala kaundula amauma: zimene zikuyenda kale zimapitiriza, koma simungasinthe kalikonse, ngakhale kudzutsa pod (kabokosi kamene pulogalamu imayendamo) imene yafa. Amayiwo anamvetsera, n'kunena kuti zikumveka ngati komiti ya kalabu imene singakhale pansi popanda quorum. Ndinati ndi zomwezo.

Tinagwirizana zochotsa imodzi mwa maseva anayi onyamula ntchito, ndipo ndinasankha yakale kwambiri, imene anaikhazikitsa ndi munthu amene anali pampando uno ine ndisanabwere. Abwana anavomera, koma anati zitheke mwezi uno wa Epulo. Mpunga ukayamba kulowa mu Meyi palibe amene angandilole kukhudza ngakhale waya.

Lachiwiri lonse sindinachotse kanthu. Ndinakhala ndi mtsikana amene akuphunzira ntchito kwathu, tikuwerenga mndandanda wa ma pod okhala pa sevayo, umodzi umodzi. Iye anali atawerenga kale malamulo atatu ochotsera seva, cordon (kutseka chitseko), drain (kutulutsa ma pod) ndi delete (kufufuta dzina lake), ndipo sankamvetsa chimene tikuchedwera.

"Abwana, si mphindi khumi zokha izi?"

M'mabuku ndi choncho. Chiyambire pamene Google inatulutsa Kubernetes mu 2014, lonjezo lake ndi loti musamasamale kuti pulogalamu yanu ili pa makina ati. Makina ena akachoka, imakadzukira pa ena. Lonjezoli limagwira pa zinthu zimene anthu anaziika motsatira dongosolo. Koma seva ikakhalitsa, anthu amaisungitsa zinthu mwakabisira, usiku wina zinthu zitavuta, n'kuiwala kulemba. Ntchito yeniyeni yochotsa seva ndi kufukula zimenezo.

Zina zinali zosadetsa nkhawa. Ma pod a DaemonSet, monga kube-proxy ndi otolera ma log, amakhala pa seva iliyonse ndipo amapita nayo limodzi. Ma pod awiri anali ndi emptyDir, malo osungira zinthu zakanthawi amene amafufutika pod ikachoka. Tinasuzumiramo n'kupeza kuti ndi cache chabe. Panalinso pod imodzi yopanda mwini, yosachokera ku Deployment iliyonse (dongosolo limene limadzutsanso pod ikafa), imene wina anaidzutsa pamanja kuti ayesere database. Yotereyi drain imakana kuichotsa popanda --force, chifukwa ikafa palibe chodzaidzutsanso. Tinafunsa mu ofesi monse, palibe anaidziwa, ndiye tinasunga YAML yake, fayilo yofotokoza mmene pod inakonzedwera, n'kuifufuta podyo.

Chimene chinandiumitsa pakamwa ndi pulogalamu ya malisiti. Kalaliki wathu akayeza thumba kumunda amajambula lisiti ndi foni, chithunzicho n'kubwera ku seva. Mu YAML yake munali mzere wa hostPath wolozera ku /data/malisiti, kutanthauza kuti zithunzizo zimagona pa disiki ya seva yomweyo, osati pa malo amene angatsatire pod ikasamuka. Choopsa chake n'chakuti drain imachenjeza za emptyDir, koma za hostPath siinena kanthu. Tikanangothamanga, pod ikanadzukira pa seva ina, n'kudzipangira foda yatsopano yopanda kanthu, n'kumaonetsa Running ngati zonse zili bwino. Tikanadziwira tsiku limene mlimi wa ku Khombedza wabwera kudzatsutsa kuti anapereka matumba asanu osati anayi, kalaliki n'kutsegula lisiti, n'kupeza mbee. Ndinamutsegulira mtsikanayo chithunzi chimodzi: pepala lopindika, makilogalamu olembedwa ndi bolopeni yotha inki, chidindo cha chala chachikulu pansi pake, kumbuyo kukuoneka phazi la munthu ndi ngodya ya sikelo. Sanafunsenso za mphindi khumi.

Chinthu china chinatsala chosamveka. Pod yotumiza ma SMS inali ndi nodeSelector yoimangirira pa seva yomweyi, popanda mawu alionse ofotokoza chifukwa. Pa zinthu ngati izi ndimatsatira lamulo limodzi: munthu samangirira mbuzi pamtengo popanda chifukwa, ndiye usamasule usanadziwe. Yankho ndinalipeza mu imelo yakale. Kampani imene imatitumizira mauthenga imalandira zochokera ku IP address imodzi yokha imene inalembedwa kwa iwo, ndipo imeneyo inali ya seva yathu yakaleyi. Sinalinso Elastic IP imene mungaisamutse, koma ija imene AWS imangopereka yokha, imene imatayika seva ikangoimitsidwa. Pod ikanasamuka bwinobwino, ndalama zikanalowa, koma mauthenga ayi. Ndipo kuno mlimi amene sanalandire uthenga ndiye kuti sanalipidwe, ngakhale ndalamazo zili m'foni mwake.

Madzulo tinawerengera malo. Pa zimene lamulo la kubectl describe node limaonetsa za seva pali gawo lolembedwa Allocated resources, ndipo Kubernetes imagawa malo potengera zimene pod yapempha, osati zimene ikugwiritsadi ntchito. Titaphatikiza, memory ya maseva atatu otsala sinkakwana. Koma pulogalamu ya malipoti inapempha 4Gi pamene mwezi wonse siinafikepo pa 1Gi. Tinaitsitsira pa 2Gi, masamu n'kulowa.

Lachitatu m'mawa ndinachita cordon. Lamuloli silichotsa kanthu, limangotseka chitseko kuti pasabwere pod yatsopano, ndipo seva imaoneka kuti Ready,SchedulingDisabled. Kenako tinayamba kukopera malisiti ku S3, malo a AWS osungira mafayilo amene sali pa seva yathu iliyonse. Ntchito ngati iyi sindiichitira pa laputopu yanga mwachindunji. Intaneti ya kuno imatha kuduka pakati pa chiganizo, magetsi nawo amachoka osatsanzika ngakhale kuti m'boma lomwe lino muli munda wa sola wa 60 MW. Ndiye ndimalowa mu seva ina ku Cape Town komweko, n'kutsegula tmux, kuti ndikaduka kuno lamulo lizipitirira uko. Masana zinachitikadi. Fani inaima, kutentha kwa Salima kunalowa mu ofesi, ndinayatsa hotspot ya foni, n'kupeza mafayilo akadali kuyenda.

Kukopera kokha sikukwana. Tinawerenga mafayilo mbali zonse ziwiri, n'kufananitsa ma checksum, manambala otsimikizira kuti fayilo sinasinthe, kenako tinasintha pulogalamuyo kuti iziwerenga ndi kulemba ku S3. Ndinapempha kalaliki mmodzi amene anali ku Chipoka kuti ajambule lisiti yoyeserera komanso atsegule ina ya chaka chatha. Zonse ziwiri zinatuluka.

Za ma SMS panali njira ziwiri. Yoyera bwino ndi NAT gateway, kuti zonse zotuluka mu cluster zizidutsa pa adiresi imodzi, pod ikhale pa seva iliyonse. Koma imeneyo amalipiritsa pa ola komanso pa data yodutsamo, ndipo ikanadya gawo lalikulu la ndalama zimene tikufuna kupulumutsa. Ndinasankha Elastic IP, imene kuyambira mu Febuluwale 2024 mtengo wake ndi $0.005 pa ola ngati adiresi ina iliyonse ya IPv4, n'kuiika pa seva ina. Kumangirira kukadalipo, inde, koma tsopano adiresiyo ndi yathu, titha kuisamutsa, ndipo chifukwa chake ndachilemba pamwamba pa YAML yomweyo. Kalata yopempha kuti alembe adiresi yatsopanoyi inafuna siginecha ya abwana ndi chidindo. Ndinaitumiza, yankho linali loti aiona.

Drain yeniyeni tinaiika Lachinayi usiku, alimi atagona, ma USSD atachepa. Popeza a ma SMS anali asanayankhe, ndinaonjezera --pod-selector kuti pod yawo yokha itsale, pamodzi ndi --ignore-daemonsets ndi --delete-emptydir-data. Zimayenda ngati mmene kondakitala amatigulitsira ku minibasi ina pa Kamuzu Road: aliyense atsike ndi katundu wake, akakhale pamene pali mpando. Pod iliyonse imalandira SIGTERM, chizindikiro choti iime, imapatsidwa masekondi 30 kuti imalize chimene yagwira, ikachedwa imadulidwa. Ma pod anayamba kuchoka mmodzi mmodzi, evicted, evicted, kenako mzere umodzi unayamba kubwerezabwereza: Cannot evict pod as it would violate the pod's disruption budget.

Inali pod ya malipiro. PodDisruptionBudget yake, lamulo lonena ma pod angati ayenera kutsala akuyenda, inkati minAvailable: 1, ndipo pod yakeyo inalipo imodzi yokha. Kuichotsa ndiye kutsala opanda, choncho Kubernetes inakana, ndipo ikanakana mpaka kucha.

"Abwana, pali --disable-eviction. Ndaona kuti imadumpha zimenezi."

"Imadumphadi, achemwali. Koma amene analemba lamuloli ankateteza chiyani?"

Ankateteza ndalama imene ili pakati panjira, yachoka kwa ife koma yankho la kampani ya foni lisanabwere. Mukadula pod pamenepo, m'mawa mumakhala ndi mzere wa malipiro umene simukudziwa ngati walipidwa kapena ayi, ndipo kulipira kawiri kumawawa chimodzimodzi ndi kusalipira. Njira yake ndi yophweka: kukweza ma replica, chiwerengero cha ma pod ake, kufika pa 2, kudikira yachiwiri ikhale Ready pa seva ina, drain n'kudzipitirira yokha. Chofunika kutsimikiza choyamba n'chakuti ma pod awiri sangatole malipiro amodzi nthawi imodzi. Tinatsegula code, tinaona kuti mzere uliwonse umatsekedwa mu database usanatoledwe, komanso pamzere wodikira panalibe kanthu. Ndinakweza. Pasanathe mphindi, mzere wokana uja unasiya, drained inatuluka. Mlonda anatiperekeza mpaka pamsewu ndi tochi, mtsikanayo n'kukwera kabaza wa njinga yamoto amene tinamusungitsa.

Lachisanu seva inakhala yopanda kanthu, kupatula ma DaemonSet ndi pod ya mauthenga ija, koma ikudyabe madola pa ola. Ndinaimba foni m'mawa, ndinaimbanso nthawi ya nkhomaliro. Cha m'ma 3 koloko imelo inabwera kuti adiresi yalembedwa. Ndinasintha nodeSelector, pod inadzukira pa seva yatsopano, ndinatumiza uthenga woyeserera ku foni ya amayi a ku akawunti. Inalira patebulo pawo ine ndili chiimire pakhomo.

Zotsalazo zinali zachangu, ngakhale dongosolo lake lili ndi pake. Kulemba kubectl delete node kumangofufuta dzina m'kaundula. Ngati kubelet, pulogalamu yolumikiza seva ndi cluster, ikadali yamoyo pa sevayo, ikangoyambiranso imadzilembetsanso, n'kudzapeza Lolemba seva imene munaichotsa yabwerera. Ndiye ndinayamba ndi kubeadm reset pa sevayo kuti iiwale za cluster, kenako delete node, n'kuichotsanso pa load balancer, chogawira maseva ntchito zobwera, ndi pa Prometheus, pulogalamu yolondera maseva, kuti isamandidzutse usiku ndi mauthenga oti yafa. Ndinatenga snapshot, kope la disiki yake, n'kuiimitsa, osaifufuta. Seva yoimitsidwa simulipira makina, mumangolipira disiki, ndipo ndimakonda kuisiya choncho masiku angapo kuti ngati pali china chimene sitinachifukule chilire chikadali pofikirika.

Amayi aja anafunsa kuti bilu itsika ndi zingati. Ndinawalembera papepala lawo lomwe lija: mtengo wa seva imodzi pamwezi, kuchotsapo S3, snapshot ndi adiresi yatsopano. Anayang'ana, n'kunena kuti amayembekezera zoposa pamenepo. Ndinawauza kuti palinso ma disiki awiri osalumikizidwa ku seva iliyonse amene ndawaona pa akawunti yathu, ndipo tikulipira mwezi uliwonse. Amenewo ndiyamba kuwatsegula Lachiwiri, ndikamaliza kufufuta seva yakaleyi.