Loweruka: Tasewera Chess960 Pogwiritsa Ntchito Dayisi

Lero ku kalabu yathu ya tchesi tayesa mtundu wa masewerawa umene umatchedwa Chess960. Timakumana Loweruka lililonse masana m'kalasi imene sukulu ina ya m'dera lathu imatibwereka, ndipo kwa nthawi ndithu ndakhala ndikuda nkhawa ndi chinthu chimodzi. Anyamata amene ali ndi mafoni komanso ndalama zogulira bandulo amaloweza pamtima mayambidwe otchuka monga Sicilian, Ruy Lopez ndi London kuchokera pa YouTube, kotero kuti amasuntha kakhumi asanayambe kuganiza, pamene anzawo opanda zipangizozo amakhala atapanikizika kale. Ndaona ana aluso akugwa ulesi, akuganiza kuti mutu wawo sugwira, chonsecho chimene chawagonjetsa ndi zoloweza za mnzawo.

Ndinapita ndi dayisi imodzi m'thumba, ndipo tisanayale mabolodi ndinayamba ndafotokoza kumene masewerawa anachokera. Amene anawalengeza ndi Bobby Fischer wa ku America, yemwe anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1972 atagonjetsa Boris Spassky ku Reykjavik, likulu la dziko la Iceland. Anawalengeza mu June 1996 mumzinda wa Buenos Aires ku Argentina, ndipo dandaulo lake linali lofanana ndi langali, ngakhale kuti iye ankanena za akatswiri akuluakulu: ankaona kuti tchesi yasanduka mpikisano wa kukonzekera kunyumba. Malamulo a kayendedwe ka mapisi sanawasinthe, bolodi ndi lomwelo, ndipo mapooni amaima pamalo awo a nthawi zonse. Chimene chimasintha ndi mzere wakumbuyo wokha, umene umasakanizidwa potsatira malamulo awiri. Mabishopu ayenera kukhala pa timabokosi ta mitundu yosiyana, wina poyera wina pakuda, ndipo mfumu iyenera kukhala penapake pakati pa maruku awiri. Wa mapisi akuda amayala ake moyang'anizana ndendende ndi a mnzake.

Mnyamata wina wa Fomu 3 anafunsa chifukwa chake nambalayo ili 960, ndipo tinaiwerengera limodzi pa bolodi la choko. Bishopu woyamba ali ndi malo 4 amene angakhalepo, wachiwiri alinso ndi malo 4, mfumukazi imasankha pa malo 6 otsala, mahatchi awiri angakhale m'njira 10 pa malo asanu otsalawo, ndipo timabokosi titatu totsiriza timadzazidwa ndi ruku, mfumu ndi ruku mu ndondomeko yomweyo. Mukachulukitsa 4, 4, 6 ndi 10 mumapeza 960. Kayalidwe kamene tonse tinakazolowera kali m'gulu lomwelo, ndipo pa kaundula wa mayalidwewa kali pa nambala 518. Dayisi imagwira ntchito motsatira chiwerengero chimenechi: mumaponyera bishopu aliyense, kenaka mfumukazi, kenaka hatchi iliyonse, ndipo ikagwa nambala yoposa malo amene alipo mumaponyanso.

Dayisi yathu inatipatsa kayalidwe aka, kuyambira pa a1 kufika pa h1 (timabokosi ta pa bolodi timatchulidwa ndi chilembo ndi nambala, ndipo uwu ndi mzere wakumbuyo wa mapisi oyera, kuchokera kumanzere kupita kumanja): hatchi, ruku, mfumu, bishopu, bishopu, mfumukazi, ruku, hatchi. Mabolodi onse tinawayala chimodzimodzi, ndipo ndinapempha kuti aliyense ayambe wayang'anitsitsa kwa mphindi zingapo asanakhudze chilichonse. M'kalasimo munali zii, zimene sizichitikachitika poyamba masewero, pakuti masiku onse pamamveka kugogoda kwa mapisi osunthidwa mwaliwiro.

Masewero amene ndawatsatira kwambiri anali a mtsikana wa Sitandade 8, amene amabwera ndi mchimwene wake ndipo alibe buku la tchesi ngakhale limodzi, ndi mnyamata wa Fomu 3 uja, amene kawirikawiri amamugonjetsa mosavuta. Mtsikanayo anali ndi mapisi oyera. Atayang'ana nthawi yaitali anasuntha pooni wa pa f2 kupita pa f4, mnzakeyo nayankha ndi d5 monga mwa chizolowezi chake chogwira pakati pa bolodi. Kenaka mtsikanayo anachotsa bishopu pa e1 namuika pa f2, ndipo mnyamatayo, poona pooni wa pa f4, anatulutsa hatchi yake pa h8 kupita pa g6 kuti amuopseze. Sanaone kuti pa kayalidwe kameneka pooni wa pa a7 alibe womuteteza, chifukwa pakona pamene pamakhala ruku panali hatchi, ndipo hatchi siteteza kabokosi kamene kali patsogolo pake. Pa kusuntha kwachitatu bishopu anadya pooniyo, ndipo ali pomwepo analoza ruku wa pa b8, amene analibe kothawira popeza mbali ina kunali hatchi, mbali inayo mfumu, kutsogolo pooni wake yemwe. Mnyamatayo akanatseka njirayo poika hatchi pa b6 kusuntha kumodzi m'mbuyomo. Anataya ruku posinthana ndi bishopu, ndipo ngakhale analimbikira mpaka kumapeto, masewerowo anagonja.

Chimene chandikondweretsa pa masewero amenewa n'chakuti mtsikanayo anachita chinthu chimene timaphunzitsa mwana aliyense, koma chimene pa tchesi ya nthawi zonse chimabisika ndi kuloweza. Anadzifunsa kuti ndi pooni uti amene sakutetezedwa, ndi pisi iti imene ingamufikire msanga, ndipo yankho analipeza yekha. Pa kayalidwe kozolowereka mapooni onse asanu ndi atatu amayamba ali otetezedwa, ndipo mwana amangomva kuti malo ofooka ndi f7 chifukwa aphunzitsi anatero. Pa Chess960 malo ofooka amasamuka masewero aliwonse, ndipo palibe amene angakuuzireni pasadakhale.

Chovuta kwambiri kuchifotokoza lero chinali castling, kusuntha kwapadera kumene mfumu ndi ruku zimasuntha pamodzi nthawi imodzi. Lamulo lake n'lakuti, kulikonse kumene mfumu ndi ruku zayambira, zimakathera pamene zimathera pa tchesi wamba: ku mbali ya h mfumu imafika pa g1 ndi ruku pa f1, pamene ku mbali ya a mfumu imafika pa c1 ndi ruku pa d1. Zina zonse n'zomwe zija: mfumu ndi rukuyo zikhale zisanasunthepo, mfumu isakhale pa cheki kapena kudutsa pa kabokosi koopsezedwa, ndipo njira yonse mpaka pamene zikukathera ikhale yopanda pisi ina. Popeza mfumu yathu inayambira pa c1, wofuna castling ku mbali ya a sankaisuntha n'komwe. Ankangonyamula ruku wa pa b1 n'kumudumphitsa pamwamba pa mfumu kupita pa d1, bishopu wa pamenepo atachokapo kale. Pa bolodi lina panabuka mkangano pamene wina anachita zimenezi, mnzake akuti ruku sadumpha. Tagwirizana kuti wosewera azinena kaye pakamwa kuti akuchita castling asanagwire pisi.

Pa nthawi yopuma, bambo wina wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, yemwenso anatiphunzitsa ambirife masewerawa, anandiitanira pambali. Anandiuza kuti sakukondwa kwenikweni, chifukwa mayambidwe a tchesi ndi chuma chimene anthu akhala akuchisonkhanitsa kwa zaka mazana ambiri, ndipo mwana amene akukapikisana pa mipikisano ya Chess Association of Malawi adzakumana ndi kayalidwe kozolowereka basi. Ndinawayankha kuti, “Bambo, zimene mukunenazo n'zoona, ndipo sindikufuna kuti tisiye kuphunzitsa mayambidwe. Ndikungofuna kuti ana adziwe chifukwa chake timatulutsa mahatchi msanga ndi kubisa mfumu.” Iwo anaonjeza mfundo ina imene ndikuivomereza kwathunthu, yakuti mayalidwe ena amakomera woyamba kusuntha koposa ena, monga mmene tinaonera ndi bishopu uja. Njira yochepetsera vutoli ndi kusewera kawiri pa kayalidwe komweko, osewera n'kusinthana mitundu.

Tinachitadi zimenezo, ndipo mnyamata wa Fomu 3 uja, atatenga mapisi oyera, anapambana masewero achiwiri mwaukhondo. Mtsikanayo anatseka njira ya bishopu pa nthawi yake, koma pakati pa masewero mnzakeyo anawerengera patali kuposa iye. Izi zikugwirizana ndi zimene zimachitika kwa akatswiri, pakuti amene amapambana pa Chess960 ndi omwewo amene ali pamwamba pa tchesi wamba. Bungwe la FIDE, loona za tchesi pa dziko lonse, litachititsa mpikisano woyamba wovomerezeka wa Chess960 wa dziko lonse mu 2019 ku Norway, Wesley So anagonjetsa Magnus Carlsen ndi mapointi 13.5 kwa 2.5. Mu 2022 ku Reykjavik amene anapambana ndi Hikaru Nakamura, atagonjetsa Ian Nepomniachtchi mu ndime yomaliza, ndipo mu February 2024 Carlsen anapambana ku Weissenhaus ku Germany, pa mpikisano umene unkatcha masewerawa Freestyle Chess. Ndinawauza ana zimenezi kuti asaganize kuti dayisi idzawapulumutsa ku kuphunzira. Kuwerengera, kudziwa kumaliza masewero ndi ruku ndi mapooni, ndiponso kuleza mtima zimafunikabe monga kale.

Tisanatseke tinakambirana za mtsogolo. Achinyamata ena amafuna kuti tizisewera Chess960 sabata iliyonse, koma bambo aja anapempha kuti ikhale Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo ambiri anagwirizana nawo. Ine ndikanakonda kawiri pa mwezi, makamaka chifukwa cha ana a ku pulayimale, koma ndavomera kuti tiyambe ndi kamodzi kuti tione ngati amene anasiya kubwera angabwerere akamva. Amene ali ndi mafoni ndawauza kuti pa Lichess, webusayiti yosewererapo tchesi, angasankhe Chess960 kwaulere, ndipo kompyuta imayala yokha mapisi. Madzulo ano ndalemba lamulo la castling ndi ndondomeko yoponyera dayisi pa makatoni ang'onoang'ono, limodzi pa bolodi lililonse, ndipo ndapempha mtsikana wa Sitandade 8 uja kuti mwezi wamawa adzaonetse anzake mmene anapezera pooni wa pa a7.